Mafunso a Owerenga: Kukaphunzira Chihindi ku Yunivesite

Makalata awiri oyamba a mwezi uno anafika mu envulopu imodzi kuchokera ku Chilenje. Mwana ndi bambo ake anasemphana maganizo pa zokaphunzira Chihindi ku India, ndipo anagwirizana kuti aliyense alembe mbali yake, kenako mayi a m'nyumbamo anawonjezera mizere yawo kumunsi kwa kalata ya amuna awo. Tawayankha onse atatu, ndipo tawonjezerapo kalata ya ku Kanyama imene yakhala ikudikira kwa miyezi iwiri, popeza nayonso ikukhudza chilankhulo chomwechi.

FUNSO: Akonzi, ndinamaliza Giredi 12 chaka chatha ndipo ndinakhoza bwino, makamaka Chingerezi ndi Chinyanja. Kuyambira ndili Giredi 8 ndakhala ndikuonera masewero a ku India pa Zee World, ndipo nditazindikira kuti mawu a Chingerezi amene timamva ndi ongoikidwapo, ndinayamba kufunafuna masewero a m'chilankhulo chawo pa intaneti. Tsopano ndimamva mawu ambiri ndithu ndipo nyimbo zawo ndimaziimba. Ndamva kuti boma la India limalipirira maphunziro ophunzira ena a ku Africa. Ndikufuna kukachita digiri ya Chihindi ndi mabuku ake. Kodi kumeneko amaphunzira zotani, nanga ine ndingakwanitse?

Mtsikana wa ku Chilenje

YANKHO: Mwana wanga, wachita bwino kufunsa usanalembe mafomu, pakuti safunsa anadya phula. Choyamba chimene uyenera kudziwa n'chakuti digiri ya Chihindi ya m'mayunivesite a ku India, monga University of Delhi kapena Banaras Hindu University ya mumzinda wa Varanasi, sanaikonzere munthu wofuna kuphunzira kulankhula. Anaikonzera ana amene anayamwa chilankhulocho, nachiwerenga kusukulu kwa zaka 10 kapena 12, ndipo tsopano akufuna kuzama m'ndakatulo ndi m'mabuku ake. Aphunzitsi amalankhula Chihindi kuyambira tsiku loyamba, mabuku ofotokozera ali m'Chihindi, ndipo mayeso amalembedwa pamanja m'zilembo za Devanagari, masamba angapo pa funso limodzi. Tayerekeza mlendo amene waphunzira kutsitsa mtengo wa tomato m'Chinyanja pamsika wa Soweto, ndiyeno n'kumukhazika m'kalasi kuti amasulire nyimbo za pamtondo ndi miyambi ya akuluakulu. Chinyanja chakecho n'chenicheni, koma sichingamufikitse kumeneko, ndipo Chihindi chako cha pa wailesi yakanema chili pomwepo.

Msana wa maphunzirowa ndi mbiri ya zolemba za Chihindi. Ophunzira mpaka lero amatsatira kagawidwe ka Ramchandra Shukla, amene m'buku lake la mu 1929 anagawa mbiriyi m'nyengo zinayi. Yoyamba ndi ya ndakatulo zotamanda ngwazi zankhondo, yachiwiri ndi ya bhakti, ndiko kuti ndakatulo za kudzipereka pa kupembedza, yachitatu ndi ya riti, ya alakatuli a m'mabwalo a mafumu amene ankatsatira malamulo okhwima a kalembedwe, ndipo yachinayi ndi yamakono, yoyambira m'zaka za m'ma 1800. Chimene chimadzidzimutsa mlendo n'chakuti nyengo zitatu zoyambirirazo sizinalembedwe m'Chihindi chimene anthu amawerenga m'nyuzipepala lero. Chihindi chamakono chinachokera ku kalankhulidwe ka m'dera la Delhi kotchedwa Khari Boli, ndipo chinayamba kukhala chilankhulo cha ndakatulo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Tulsidas, amene anayamba kulemba Ramcharitmanas mu 1574, analemba m'Chiawadhi, ndipo Malik Muhammad Jayasi analemba Padmavat cha mu 1540 m'Chiawadhi chomwecho. Surdas ankaimba m'Chibraj, pamene Kabir, woomba nsalu wa ku Varanasi wa m'zaka za m'ma 1400, ankasakaniza malankhulidwe a madera osiyanasiyana. Zili ngati munthu amene wathetsa mankhalu kuphunzira Chichewa cha m'mabuku, ndiyeno aphunzitsi n'kumuuza kuti theka la mayeso lidzakhala la nyimbo zakale za Chinsenga ndi Chitumbuka. Ubale ulipo ndithu, koma mtanthauziramawu sachoka patebulo.

Pamwamba pa zimenezi pali phunziro la kapangidwe ka ndakatulo, limene maziko ake anachokera ku Chisansikiriti, chilankhulo chakale cha ku India. Wophunzira amaphunzira za rasa, mitundu 9 ya mmene ndakatulo imagwirira mtima, monga chikondi, chisoni, mkwiyo, mantha ndi nthabwala, ndipo amaphunzira kuwerengera kutalika kwa mawu mumzere uliwonse. Ndakatulo ya mizere iwiri yotchedwa doha, imene Kabir amadziwika nayo, ili ndi miyeso 13 ndi 11 pamzere uliwonse, ndipo amene samva kusiyana kwa liwu lalifupi ndi lalitali sangaiwerengere molondola. Palinso sayansi ya chilankhulo, zisudzo, kumasulira, ndi Chihindi cha m'maofesi ndi cha atolankhani.

Mbali imene ndikukhulupirira kuti ungaikonde ndi yamakono. Bharatendu Harishchandra, amene anabadwa mu 1850 ndi kumwalira mu 1885 akadali wamng'ono, amatchedwa tate wa zolemba za Chihindi zamakono. Premchand, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1880 mpaka 1936, analemba za alimi, ngongole ndi eni minda, ndipo buku lake lomaliza kulimaliza, Godaan, la mu 1936, limasimba za mlimi wosauka dzina lake Hori amene chikhumbo chake chonse chinali kukhala ndi ng'ombe imodzi pakhomo. Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke amene anatengapo feteleza wangongole mvula n'kukana angamve nkhaniyi popanda womufotokozera. Muli dziko losiyana kwambiri ndi la m'masewero ako, mmene aliyense amakhala m'nyumba yosanja ndipo akazi amadzuka m'mawa atavala kale ndolo zagolide. Ndipo zolembazi sizinaime, chifukwa mu 2022 buku la Geetanjali Shree lotchedwa Ret Samadhi, litamasuliridwa m'Chingerezi ndi Daisy Rockwell, linapata mphoto ya International Booker, koyamba kwa buku lochokera m'Chihindi.

Tsopano za funso lako loti ungakwanitse. Ine ndikuona kuti wolankhula Chichewa amayamba Chihindi ali patsogolo pa Mngerezi, ndipo chifukwa chake chili m'kamwa mwako momwemo. Ife timasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola, ndipo mwana wa zaka zitatu salakwitsa. Chihindi chimasiyanitsa chimodzimodzi: pal ndi kamphindi koma phal ndi chipatso, saat ndi 7 koma saath ndi pamodzi. Azungu ambiri amatha miyezi akulimbana ndi kampweya kameneka, pamene iwe unabadwa nako. Ulemu nawonso ndi wofanana ndi wathu. Ife tili ndi iwe ndi inu, iwo ali ndi atatu, tu, tum ndi aap, ndipo munthu wamkulu amamutchula mochulukitsa monga mmene timanenera kuti abambo abwera. Kumene ife timaika a- kutsogolo kwa dzina, iwo amaika ji kumapeto kwake. Pa maina a chibale udzamva ngati uli kwanu, chifukwa sasonkhanitsa abale onse m'mawu amodzi monga chimachitira Chingerezi. M'Chihindi malume amatchedwa mama, azakhali ndi bua, abambo aang'ono ndi chacha, abambo aakulu ndi tau, mchemwali wa amayi ndi mausi, ndipo agogo a kuchimuna, dada ndi dadi, ndi osiyana ndi a kuchikazi, nana ndi nani.

Kumene udzatuluke thukuta ndi kwina. Chihindi chili ndi mawu olemera okhala ndi mpweya amene ife tilibe, monga a mu bhai, mchimwene, ndi ghar, nyumba, komanso chili ndi t ndi d zamitundu iwiri, zina zotchulidwa lilime litagunda mano ndi zina lilime litapindikira kumbuyo. Chizolowezi chathu chosinthanitsa l ndi r chidzakuchititsa manyazi, pakuti kar ndi chita pamene kal ndi dzulo, ndipo chodabwitsa n'chakuti kal yemweyo ndiyenso mawa, mneni ndiye amaonetsa tsiku limene akunena. Kutalika kwa liwu kumasintha tanthauzo, kam ndi zochepa koma kaam ndi ntchito. Mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, ndipo timawu tosonyeza malo timatsatira dzina, kotero kuti mu Lusaka amati Lusaka mein. Dzina la chinthu chilichonse ndi lachimuna kapena lachikazi, madzi ndi mkaka n'zachimuna, tiyi ndi buku n'zachikazi, ndipo kawirikawiri palibe chizindikiro kutsogolo kwa mawu chokuthandiza monga mmene chi- ndi zi- zimatithandizira ife. Ngakhale wolankhula amasintha mneni: mchimwene wako akamadya adzati main khata hun, iwe udzati main khati hun. Manambala kuyambira 1 mpaka 100 ndi oloweza limodzilimodzi, ndipo ndalama zambiri amaziwerenga ndi lakh, 100,000, ndi crore, 10,000,000.

Zilembo, zimene ambiri amaziopa, ndizo zosavuta. Devanagari ili ndi mavawelo 11 ndi makonsonanti 33, ndipo imagwirizana ndi mmene tinaphunzirira kuwerenga ku Giredi 1, ka ke ki ko ku. Konsonanti iliyonse imanyamula kale a wamfupi, ndipo kuti liwu lisinthe umaikapo kachizindikiro pamwamba, pansi, kutsogolo kapena kumbuyo. Kulemba Lusaka, umalemba la n'kukoloweka kambedza pansi pake kuti akhale lu, kenako sa ndi kamtengo koimirira pambali, kenako ka ndi kamtengo kenanso, ndipo pomaliza umajambula mzere umodzi pamwamba pa zonse, zilembo n'kumalendewera ngati zovala zoyanikidwa pachingwe: लुसाका. Wakhama amazidziwa zonse mwezi usanathe, ngakhale kuti zilembo zophatikizana zimafuna nthawi yowonjezera.

Njira imene ndikukulangiza ndi yoyamba ndi chilankhulo. Mumzinda wa Agra muli sukulu ya boma yotchedwa Kendriya Hindi Sansthan, imene inakhazikitsidwa mu 1960 ndipo imaphunzitsa alendo ochokera kumayiko ena, kuyambira amene sadziwa chilembo ngakhale chimodzi, ndipo mafomu a thandizo la boma la India pa maphunziro amenewa amadzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo. University of Delhi nayo ili ndi satifiketi ndi dipuloma ya Chihindi ya alendo. Chaka chimodzi kapena ziwiri za maphunziro otere zidzakuonetsa ngati chimene ukukonda ndi chilankhulo ndi mabuku ake kapena ndi nyimbo ndi madiresi. Usanapite kulikonse, dziyese uli ku Chilenje komweko. Phunzira zilembo, upeze nkhani yaifupi ya Premchand pa intaneti, ukhale ndi tsamba limodzi lokha kwa mlungu wathunthu ndi mtanthauziramawu, ndipo uone ngati Loweruka likafika ukulakalaka tsamba lachiwiri.

FUNSO: Akonzi, ine ndine bambo wa mtsikanayu. Ndinapuma pantchito ya ukalaliki ndipo ndili ndi ana anayi, uyu ndiye chisamba. Sindikumuletsa sukulu, koma ndikufunsa kuti digiri ya Chihindi adzadya nayo chiyani mu Lusaka muno. Ine ndikufuna achite unamwino kapena za mankhwala, kuti adzathandize azing'ono ake. Ndikuopanso kutumiza mwana wamkazi kutali chotero.

Bambo wa ku Chilenje

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi la munthu amene walipirapo fizi, ndipo sindikubisirani kuti mbali yaikulu mukunena zoona. Ubale wa Zambia ndi India ndi wakale komanso wolimba. Indira Gandhi anabwera mu Lusaka mu 1970 pa msonkhano wa mayiko osalowerera mbali umene unachitikira ku Mulungushi, Indo-Zambia Bank inakhazikitsidwa mu 1984 ndi boma lathu pamodzi ndi mabanki atatu a ku India, kampani ya Vedanta inalowa ku Konkola Copper Mines mu 2004, ndipo Airtel inafika mu 2010 kampani ya Bharti itagula malonda a Zain a muno mu Africa. Komabe ntchito m'malo onsewa imayenda m'Chingerezi, chifukwa ku India komweko Chingerezi chimagwira ntchito za boma pamodzi ndi Chihindi, ndipo amene amatumizidwa kuno ndi ophunzira amene amachilankhula bwino. Bwana wa banki akafuna wantchito amayang'ana pepala la zowerengera ndalama, ndipo kudziwa ndakatulo za Surdas sikungalowe m'malo mwake.

Pali chinanso chimene anthu ambiri kuno sachidziwa. Chihindi si chilankhulo cha Amwenye onse. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 528 miliyoni, ndiko kuti 43.6 peresenti, ndi amene anachitchula kuti n'chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo chiwerengerochi chikuphatikiza malankhulidwe ambiri apachibale. Malamulo a dzikolo amatchula zilankhulo 22. Kummwera kuli zilankhulo za mtundu wina kotheratu, Chitamili ku Chennai, Chikannada ku Bengaluru, Chitelugu ku Hyderabad, ndipo mu 1965 anthu a dera la Chitamili anachita zionetsero zoopsa pokana kuti Chihindi chikhale chokha chilankhulo cha boma. Ife a ku Zambia, amene tili ndi zilankhulo 7 za m'zigawo ndipo tinasiya Chingerezi pakati kuti pasakhale wodandaula, nkhani imeneyi sitifunika kuifotokozeredwa. Tanthauzo lake kwa mwana wanu n'lakuti akaperekeza wodwala kuchipatala cha ku Delhi Chihindi chidzamuthandiza, koma ku Chennai adzabwerera ku Chingerezi.

Kumene chilankhulochi chimalipira ndi pamene chakwera pamsana pa ntchito ina. Namwino kapena wazamankhwala wodziwa Chihindi, m'dziko ngati lathu limene limagula mankhwala ambiri ku India ndi kutumizako odwala, ali ndi chimene anzake alibe. N'chimodzimodzi loya, mtolankhani, wogwira ntchito ku unduna woona za ubale ndi mayiko akunja, kapena womasulira kukhoti. Ndiye maganizo anu ndi a mwana wanu angathe kukumana. Maphunziro a unamwino, a mankhwala ndi a kompyuta m'mayunivesite ambiri a ku India amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo wophunzira amene ali kumpoto kwa dzikolo angawonjezerepo satifiketi ya Chihindi, uku akuchilankhula tsiku ndi tsiku pamsika ndi m'basi.

Koma ndikupempheni kuti musatseke khomo linalo msanga. Ngati mwanayu atadziyesa apezeka kuti ndi wa mabuku ndithu, njira yake ilipo ngakhale ndi yopapatiza komanso yaitali, ya digiri yoyamba, yachiwiri, ndiyeno uphunzitsi wa payunivesite, kafukufuku ndi kumasulira. Mabuku a ku India amatifika kudzera m'Chingerezi, ngati nsima yodyera m'manja mwa wina, ndipo munthu amene angachotse nkhani m'Chihindi n'kuiika mwachindunji m'Chichewa angakhale atachita ntchito yaikulu. Msonkhano wa dziko lonse wa Chihindi, umene unayamba ku Nagpur mu 1975, unachitikira ku Johannesburg mu 2012, ndipo likulu la bungwe lolimbikitsa chilankhulochi padziko lonse lili ku Mauritius, dziko limene tili nalo limodzi mu SADC ndi COMESA. Ku Mauritius komweko, sukulu ya Mahatma Gandhi Institute ya ku Moka imaphunzitsa Chihindi mpaka pa digiri.

Pa za ndalama, bungwe la boma la India la Indian Council for Cultural Relations, limene linakhazikitsidwa mu 1950, ndilo limapereka thandizo limene mwana wanu anamva, ndipo mafomu amalembedwa pa intaneti n'kudzera ku ofesi ya kazembe wa India mu Lusaka. Pitani nokha kukafunsa kumeneko ndi ku Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo musapereke ndalama kwa munthu wa pa Facebook amene akulonjeza malo. Chinthu chimodzi muchifufuze mwana asanakwere ndege. Digiri yoyamba ku India kwa nthawi yaitali inali ya zaka zitatu, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya mu 2020 ndiyo inatsegula njira ya zaka zinayi, imene University of Delhi inayamba kutsatira mu 2022. Popeza digiri ya ku University of Zambia ndi ya zaka zinayi, kafunseni ku Zambia Qualifications Authority kuti pepala limene adzabwere nalo adzaliika pa mlingo uti.

Mantha anu a kutali sindikuwapeputsa. Ophunzira a ku Africa akhala akudandaula za tsankho ku India, ndipo mu March 2017 ophunzira a ku Nigeria anamenyedwa ndi gulu la anthu ku Greater Noida, pafupi ndi Delhi. Mwana wamkazi akakhale m'nyumba zogona za pasukulu, zimene zimakhala ndi alonda ndi nthawi yotsekera geti, ndipo akangofika adziwike ku ofesi ya kazembe wa Zambia ku New Delhi ndi kwa ophunzira anzake a kuno. Akonzekerenso kutentha kopitirira madigiri 40 mu May ndi June, kuzizira kwa December ndi January, ndi chakudya chimene nthawi zambiri chimakhala chopanda nyama. Ufa wa chimanga kumpoto umapezeka, wachikasu, ndipo amautcha makki ka atta.

FUNSO: Ine nkhawa yanga ndi imodzi. Ndife Akhristu ndipo mwanayu amaimba kwaya. Ndamva kuti mabuku awo ndi a milungu yawo. Kodi sadzabwerako atataya chikhulupiriro?

Mayi wa mtsikanayu

YANKHO: Mayi, n'zoona kuti ndakatulo zambiri za nyengo ya bhakti ndi zachipembedzo. Tulsidas analemba za Rama, Surdas ndi Mirabai anaimba za Krishna, ndipo palibe wophunzira Chihindi amene angazilumphe. Koma m'kalasi amaziwerenga monga zolemba, kufunsa za chilankhulo chake, kapangidwe kake ndi nthawi imene zinalembedwa, ndipo mayeso safunsa chimene wophunzira amakhulupirira. Alembi ake nawonso sanali a chipembedzo chimodzi. Jayasi anali Msilamu, ndipo Kabir ankadzudzula atsogoleri a Chihindu ndi a Chisilamu omwe chifukwa cha miyambo yongoonetsera.

Mmodzi wa akatswiri olemekezeka a Chihindi anali wansembe wa Katolika. Bambo Camille Bulcke, a chipani cha Ajezuiti, anabadwira ku Belgium mu 1909, anapita ku India mu 1935, ndipo anachita digiri ya udokotala ku yunivesite ya Allahabad pofufuza chiyambi ndi kufalikira kwa nkhani ya Rama. Anatsogolera gawo la Chihindi pa St Xavier's College ku Ranchi, analemba mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chihindi amene ophunzira akugwiritsabe ntchito, anagwira ntchito yomasulira Baibulo m'Chihindi, ndipo boma la India linawapatsa ulemu wa Padma Bhushan mu 1974. Anamwalira mu 1982 akadali wansembe. Dziwaninso kuti kalembera wa mu 2011 anapeza Akhristu pafupifupi 28 miliyoni ku India, kuposa anthu onse a mu Zambia amene kalembera wathu wa mu 2022 anawapeza kuti ndi 19.6 miliyoni. M'mizinda ikuluikulu matchalitchi alipo, mapemphero a m'Chingerezi ndi a m'Chihindi alipo, ndipo kwaya yosowa woimba sidzasowa.

FUNSO: Akonzi, ndagwira ntchito zaka 6 m'sitolo ya nsalu ku Kamwala. Chaka chatha ndinayamba kuphunzira Chihindi pa foni kuti ndizimvana ndi abwana. Tsiku lina m'mawa, ndikutsegula zitseko, ndinawalonjera kuti aap kaise hain. Iwo anaseka mpaka kugwira pakauntala, n'kundiyankha m'Chinyanja kuti tili bwino, kaya iwe, ndipo anaitana akazi awo kuti ndibwereze. Koma akamalankhula okhaokha sindimva kanthu, mwina liwu limodzi pa khumi. Kodi foni inandinamiza?

Mnyamata wa ku Kanyama

YANKHO: Achimwene, foni sinakunamizeni ndipo moni wanu unali wolondola, koma zikuoneka kuti abwana anu kunyumba amalankhula Chigujarati. Mabanja ambiri akale a Amwenye mu Zambia anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Oyamba anafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anali Asilamu, kenako kunabweranso Ahindu, ndipo pambuyo pake malonda a Amwenye anafalikira m'matauni a m'mbali mwa njanji mpaka mu Lusaka. Dipak Patel, amene anali phungu wa Lusaka Central komanso nduna ya zamalonda, ndi mmodzi wa anthu odziwika a m'mabanja ochokera ku India. Malonda a Amwenye m'dera lino anasiya chizindikiro ngakhale m'chilankhulo chathu, pakuti mawu akuti rupiya, amene agogo ankatchula ponena za ndalama ndipo amapezeka m'Baibulo lakale la Chichewa, ndi dzina la ndalama ya ku India.

Chigujarati ndi Chihindi n'zapachibale, n'chifukwa chake mukutolako liwu limodzilimodzi, koma ndi zilankhulo ziwiri. Chigujarati chimalankhulidwa ndi anthu oposa 55 miliyoni, chinali chilankhulo chobadwa nacho cha Mahatma Gandhi, ndipo zilembo zake zimafanana ndi za Devanagari koma zilibe mzere wapamwamba uja. Mukaona kope la abwana lolembedwa zilembo zozungulira zopanda chingwe choyanikira, dziwani kuti ndicho. Ambiri olankhula Chigujarati amamva Chihindi chifukwa cha sukulu ndi mafilimu, koma ana ndi adzukulu obadwira kuno nthawi zambiri amamasuka m'Chingerezi ndi m'Chinyanja kuposa m'Chihindi.

Khama lanu silinapite m'madzi. Amwenye amene afika zaka zaposachedwa, a m'zipatala, m'migodi ndi m'makampani, amachokera m'madera osiyanasiyana, ndipo ambiri a iwo akakumana amamvana m'Chihindi. Chihindi cholankhula n'chofanana kwambiri ndi Chiurdu cha ku Pakistan, malamulo a chiganizo ndi amodzi ndipo mawu a tsiku ndi tsiku ndi omwewo, kusiyana kuli pa zilembo ndi pa mawu ozama, amene Chihindi chimatenga ku Chisansikiriti pamene Chiurdu chimatenga ku Chiperisiya ndi Chiarabu. Choncho wamalonda wochokera ku Karachi mudzamvana naye ndi Chihindi chanu chomwecho, ndipo ngati tsiku lina mudzapita kukagula nsalu ku Surat kapena ku Mumbai, chidzakuyendetsani pamsika.

Za zimene abwana amakambirana ndi akazi awo, mwina ndi bwino kuti zikhale zawo. Koma mawa m'mawa mukamatsegula zitseko, m'malo mwa moni wa pa foni uja muwalonjere kuti kem chho. Akayankha kuti majama, ndiye kuti ali bwino, ndipo mwapeza chilankhulo chawo.